Foni Nambala 47

Lachinayi usiku ku Ginnery Corner.
Mu ofesi mwatsala ine
ndi jenereta yomwe ikutsokomola kuseri kwa khoma.
Pa sikirini pandandalikana mafoni zana ndi makumi awiri
ngati maminibasi odikira anthu pa Wenela,
iliyonse ndi kadontho kake:
kobiriwira ikakhala maso, kotuwa ikagona.

Ambiri mwa mafoniwa sindinawakhudzepo chiwatulutsire m'makatoni.
Ali m'matumba a owerenga mamita a madzi,
anthu odziwa galu aliyense wa m'tauni muno ndi dzina.
Ine ndimangodina pano,
lamulo n'kukwera kumtambo,
osati uja umatsamira pa phiri la Soche,
koma wina wopanda mvula,
wokhala m'nyumba yozizira kutsidya kwa nyanja zomwe sindinazione,
n'kutsikira m'thumba la munthu ku Bangwe
mwiniwake ali mkonono.

Lero ndikugawa apu yatsopano.
Yakale inkameza ziro wakumapeto,
anthu n'kumabwera ndi mabilu m'manja, maso ali psuu.
Chilomoni yalandira.
Machinjiri yalandira.
Chirimba ikuzengereza, netiweki yakumeneko ndi ya mwayi.
Wina ku Kachere wazimitsa data, akusunga bandulo,
ndimupeza m'mawa.

Koma nambala 47 ili zii
tsiku lachitatu tsopano.

Nambala 47 ndi Asiyatu Likaka.
Anabwera masana, nsapato zitafiira ndi fumbi la Ndirande,
nati anamupisa m'chikwama potsika minibasi ku Limbe.
Lamulo lake ndi losapita m'mbali,
ndinalilemba ndine, tsamba lachitatu:
foni ikabedwa, fufuta zonse.
Muli maina a makasitomala mazana atatu,
nambala za nyumba zawo, ngongole zawo.

Anaima pakhomo osalowa.
"Achimwene, tadikirani kaye.
Muli mawu a mayi anga.
Ananditumizira asanagonekedwe ku Gulupu.
Akungoti pobwera ndigule sopo ndi mchere.
Basi.
Koma ndi mawu awo."

Ndinayankha ngati buku:
foni ya ntchito sasungiramo za kunyumba,
mtambo wathu umasunga mamita okha.
Anagwedeza mutu ngati wamva, n'kupita.

Nthawi yatsala pang'ono kukwana thwelofu.
Kadontho ka 47 kabiriwira!
Wina waiyatsa cha ku Mbayani,
batire yatsala naini peresenti.
Akuyesa nambala yachinsinsi.
Walakwitsa. Walakwitsanso.
Ndikumuona ngati mmene umaonera nyerere pansi pa tambula,
iye sakudziwa kuti pali diso.

Mabatani awiri agundana mapewa:
Tseka. Fufuta.
Chala changa chili pamwamba pa lachiwiri
ndipo chikulemera ngati njerwa yonyowa.
Sopo ndi mchere.
Maina mazana atatu.
Sopo ndi mchere.

Ndadina loyamba.
Pali kabokosi kolembamo uthenga woti wakubayo awerenge.
Ndinazolowera kulembamo zoopseza, za apolisi,
koma lero ndalemba:
"Foniyi simungaigulitse, yatsekedwa.
Muli mawu a mayi amene anatisiya.
Isiyeni kwa mlonda pa geti lathu, sitikufunsani kanthu."

Uthenga wafika.
Sindikudziwa ngati wawerengedwa.
Mphindi imodzi, ziwiri,
kadontho katuwanso.

Mawa a Mpinganjira adzafunsa chifukwa chake sindinafufute,
ndidzati foni inazima msanga,
ndipo lidzakhala bodza la theka.
Ndaipatsa mpaka Lolemba.
Lolemba likadzafika ndidzadina, ndikudziwa,
poti nawonso mazana atatu aja ali ndi amayi awo.

Lipoti likuti zana ndi khumi ndi asanu ndi atatu alandira,
m'modzi akudikira, m'modzi sakudziwika.
Ndathimitsa kompyuta, ndakhoma chitseko.
Panja chiperoni chayamba kuwaza,
mtambo weniweni watsika mpaka pa denga la Chichiri,
ndipo ndaima pa siteji wopanda ambulera
ndikufufuza m'foni yanga
uthenga wa mayi wa sabata yatha
umene sindinautsegulebe.